Nthutumba ya ku Peckham

Ilford, London
14 Malichi 2004

Achemwali a Marjorie,

Ndikhulupirira muli bwino kumeneko pamodzi ndi amayi ndi ana. Kuno tilipo, kungoti chisanu chikukana kusamuka. Ndasankha kulemba chifukwa foni ya pabyuro pa Linthipe ija imangondidyera kadi, ndipo amayi akaigwira amathera nthawi yonse kufunsa ngati ndikuwamva.

Nkhani ndi iyi: mlongo wanu walowa chikamwini. Sekani, ndikudziwa museka. Ndinathawa khasu n'kudzakhala nesi ku London, koma chikamwini chandilondola mpaka kuno. Chikwatiranireni, ine ndi mlamu wanu Sabine tinkachita lendi kachipinda kamodzi, ndiye apongozi anati tibwere, nyumba inawakulira chimwalirireni bambo ake a Sabine. Tinasamuka mwezi watha.

Apongoziwo dzina lawo ndi a Renate. Ndalemba poti pepala lilibe makutu, pakamwa sindingayerekeze. Ndi a ku Jeremani, anabwera kuno ali mtsikana kudzakolopa m'chipatala, n'kukwatiwa ndi Mngelezi wokonza mabasi. Pano apitirira zaka makumi asanu ndi awiri, ndipo ntchito yawo ndi kulemba ndakatulo. Musandifunse kuti amalima nthawi yanji. Amadzuka m'mawa, kukhala patebulo la kukhitchini ndi pensulo, kuyang'ana mtengo wa maapozi uli kuseri kwa nyumba mpaka tiyi kuzizira, kulemba mizere iwiri, kufufuta umodzi. Timabuku tawo timasindikizidwa kwawo. Mumsewu mwathu muno mulibe munthu wotha kutiwerenga, ngakhale Sabine amachita kujejema.

Muwauze amayi kuti sindinawachititse manyazi. Apongozi akalowa kukhitchini, ine ndimatuluka. Sindidya nawo, ndimadyera kuchipinda kapena kuntchito, ndipo kumaso sindiwayang'ana. Chovuta ndi masitepe. Nyumba za kuno ndi zothinana, njira yokwerera pamwamba ndi imodzi, ndipo kulibe tchire loti munthu n'kupatukira. Tsiku lina tinakumana pakati, ine n'kubwerera chafutambuyo mpaka kukhala m'basiketi ya zochapa.

Koma pali chondizunguza. Tsiku lomwe tinafika anandigwira dzanja n'kunena kuti ndiziwatchula dzina, ndizidya nawo patebulo. Mundifunsire kwa amayi: kodi kumasula mkamwini n'komweku, tsiku loyamba lomwelo?

Ndine mlongo wanu,
Evance

*

Linthipe, Dedza
9 Epulo 2004

Iwe Evance,

Moni wa kuno ndi ameneyu. Tonse tili bwino, chimanga chacha ndipo ana anga a Sitandade 6 akundiumitsa mutu monga mwa masiku onse. Kalata yako ndinawawerengera amayi kawiri, kachiwiri chifukwa koyamba tinathera kuseka za basiketi. Walira mvula walira matope, bambo nesi. Unkafuna mkazi wa nyumba ya masitepe, kwera.

Za ndakatulozo amayi sanamvetse. Ndinawauza kuti zili ngati nyimbo za pamtondo, koma zopanda musi. Anangoti, "Kaya, bola ngati zimawadyetsa."

Tsopano tamva mawu awo, ndikulemba momwe akunenera ali pambali panga pano. Akuti kuitana kwa pakamwa n'kukuyesa, usapite. Mpongozi aliyense amatero pofuna kuona ngati mkamwini anakulira pa anthu. Akuti bambo athu anawathawa agogo mpaka ine nditayamba kuyenda. Tsiku limene agogo anakhutira nawo, anagwira nkhuku, anaiphika yathunthu ndi manja awo, anawaitana bambo, n'kuwaikira nthutumba m'mbale mwawo. Kumasula n'kumeneko, kwina kulibe. Ndipo akuti umvetsetse apa: mkamwini sapempha nkhuku imeneyo, ngakhale kudzera mwa mkazi wake. Ukangoitchula, basi yasanduka nkhuku wamba, ndipo iwe wasanduka fisi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Mawu a amayi athera pomwepo. Anga ndi akuti magalasi awo aja anathyoka mwendo, pano amangidwa ndi ulusi. Ukapeza wobwera kuno, usatiiwale. Undipatsirenso moni mlamu wanga, umuuze kuti chithunzi chake chili pakhoma, ndipo amayi anamusintha kale dzina, kuno ndi Sabina.

Mchemwali wako,
Marjorie

*

Ilford
18 Julayi 2004

Achemwali,

Moni nonse. Pepani pochedwa kuyankha, mashifiti andipanikiza. Magalasi ndinagula, ndikudikira munthu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mlamu wanu ali ndi pakati, tikuyembekezera mu Januwale. Muwauze amayi mwakachetechete.

Zinazo si zabwino. Lamulungu lina mwezi watha ndinali kusita yunifomu pabalaza, Sabine atakhala pampando. Apongozi analowa atavala bulauzi imene amapita nayo kutchalitchi, pepala lili m'manja, n'kudzakhala pafupi nane penipeni. Ine ndinachita zimene ndinaphunzitsidwa. Ndinazimitsa simbi, ndinawerama, ndinatuluka, n'kukaima pansi pa mtengo wa maapozi uja, kunja kukuwaza mvula. Ndinkaona ngati ndachita bwino.

Nditabwerera ndinapeza apongozi atakwera kuchipinda kwawo, Sabine maso ali psuu. Akuti pepalalo inali ndakatulo yondilandira ine pabanja pano. Akuti anayamba kuilemba tsiku limene tinasamukira, ndipo chimwalirireni amuna awo anali asanamalizeko ndakatulo ina iliyonse. Achemwali, ndinalakalaka nthaka itang'ambika.

Ndinamufotokozera Sabine kuti kwathu kuthawa apongozi ndi ulemu waukulu. Iye anakawauza. Mukudziwa chimene anayankha? Akuti, "Za amayi awo, nawonso bambo ako ankati ndi ulemu." Tanthauzo lake sindikulidziwa, ndipo Sabine akuti za agogo akewo sizikambidwa m'nyumba muno. Za nkhuku sindinamuuze, monga amayi ananenera. Kangapo konse mawuwo afika pakhosi, ndawameza.

Nkhuku zimaphikidwa m'nyumba muno, koma ndi zija za musitolo, zoduladula, za m'pulasitiki. Yathunthu sindinaionepo. Miyezi yonseyi ndakonza geti, ndapenta bafa, ndimatulutsa zinyalala. Ndinapezanso kasitolo kogulitsa buledi wakuda wowawasa wonga wa kwawo, ndimawagulira Loweruka n'kumusiya patebulo iwo asanadzuke. Koma kumasulidwa ayi. Tsopano ayamba kulemberana ndi mlongo wawo wa ku Lübeck, mzinda wa kwawo, ndipo Sabine akuti akufunsa za chipinda.

Sindifuna kuganiza kuti ndi khungu langa, koma maganizo sapempha chilolezo. Chimandipweteka n'chakuti ine mayi amenewa ndimawakonda. Ndikamatsika m'mawa n'kuwamva akudziwerengera okha mizere yawo m'chinenero chawo, ndimaima pamasitepe kumvetsera, ngakhale sinditolapo kanthu.

Amayi akuti ndichitenji?

Evance

*

Linthipe
12 Ogasiti 2004

Evance,

Tili bwino, kupatula chifuwa chimene chagwira mudzi wonse ndi fumbili. Za mlamu wanga amayi anavina okha m'nyumba, chitseko chotseka.

Za apongozi ako akuti ulemu wachepa, wonjezera. Akuti mwina umatuluka mothamanga ngati waona njoka, ndiye munthu angakhutire nawe bwanji? Uzigwada pakhomo, uombe m'manja, unene zimene wadzera maso ali pansi, kenako uzipita pang'onopang'ono. Akutinso mpongozi akayamba kunena zochoka pamudzi pake, ndiye kuti akufuna aone ngati mkamwini amugwira mwendo.

Amenewo ndi amayi. Ine maganizo anga ndi ena, ndipo sindinawauze. Ngati nkhani ndi khungu, ngakhale utagwada mpaka maondo kuchita zikang'a, nkhukuyo sudzaidya. Yambani kufunafuna nyumba yanu mwana asanabadwe. Paja amati mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Terereka udakali ndi ulemu wako.

Ndalemba mwachidule, belu lalira.

Marjorie

*

Kalata ya a Renate, monga Marjorie anawawerengera amayi ake m'Chichewa

Ilford
20 Sepitembala 2004

Okondedwa mayi ake a Evance,

Sitinaonanepo. Ine ndine mayi ake a Sabine. Keyala yanu ndaitenga pa envulopu imene mwana wanu anasiya pawindo, ndipo ndamva kuti mwana wanu wamkazi ndi mphunzitsi, akuwerengerani. Ndikupemphani kuti Evance asadziwe kuti ndalemba.

Ndikufuna ndikufunseni funso limodzi, koma kuti mulimve ndiyenera kuyambira kutali.

Ndinafika ku England mu 1952 ndi sutikesi imodzi. Nkhondo inali itatha, koma m'mitima ya anthu inali isanathe, ndipo ine ndinali wochokera ku dziko limene linaiyambitsa. Nditakwatiwa ndinalowa m'nyumba ino, momwe munali apongozi anga. Mwana wawo woyamba anafera ku nkhondoyo, ataphedwa ndi anthu a kwathu. Mayi amenewo sananditukwanepo ngakhale tsiku limodzi. Ndikalowa kukhitchini, iwo ankatuluka. Chakudya ankadyera kuchipinda kwawo. Sankandiyang'ana kumaso, ndipo dzina langa sanalitchulepo mpaka kumwalira kwawo. Mwamuna wanga ankati ndi ulemu, akuti munthu woleredwa bwino amatuluka m'malo monena zoipa.

Ndakatulo ndinayambira pamenepo. Patebulo la kukhitchini panalibe wolankhula naye, ndiye ndinayamba kulankhula ndi pepala. Mtengo wa maapozi ndinaubzala kuti ndikhale ndi chinthu choyang'ana chimene sichingatuluke ndikalowa. Sabine anabwera mochedwa, titataya kale mtima, ndipo ndinalumbira kuti m'nyumba muno simudzakhalanso munthu wodyera kuchipinda.

Lero mwana wanu akuchita zonse zimene ankachita apongozi anga, m'khitchini yomweyo, pakhomo lomwelo. Sabine akuti ndi ulemu wa kwanu. Mawu amenewo ndinawamvapo kale.

Mwezi uno wayamba kundigwadira. Amagwada pakhomo n'kumalankhula ndi simenti. Mayi, ine ndinabadwa ku Jeremani mu 1932. Ndili mwana ndinaona ndi maso anga anthu akugwaditsidwa mumsewu pamaso pa anthu a mtundu wanga, ndipo ambiri a iwo sanabwererenso. Sindingathe kupirira kuti munthu andigwadire m'nyumba mwanga. Ndinathawira kubafa n'kukalira.

Ndaganiza zowasiyira nyumba. Ndinyamuka pa 12 Disembala kupita kwa mlongo wanga ku Lübeck. Kumeneko ndinachokako kalekale, ondidziwa ambiri ali kumanda, ndipo ndikudziwa kuti ndikakhala mlendo kachiwiri. Koma sindifuna kuti mdzukulu wanga akule akuona bambo ake akuthawa m'nyumba yawo yomwe.

Chondiletsa kutseka nkhaniyi ndi buledi. Loweruka lililonse ndimapeza patebulo buledi wakuda wa kwathu. Sabine akuti si iye. Apongozi anga sanandigulirepo buledi. Munthu wodana nane sangakwere basi kukandifunira buledi, ndipo munthu wondikonda sangathawe ndikalowa. Ndayesa kuzilumikiza ziwirizi, zakanika, ngakhale kuti kulumikiza mawu ndiyo ntchito yanga.

Funso langa ndi ili: kodi mwana wanu ndinamulakwira chiyani?

Ine,
Renate

*

Linthipe
17 Okutobala 2004

Asewere anga,

Ndine Nachisale, mayi wake wa Evance. Ndikulankhula, Marjorie akulemba, ndipo pansi pake aika Chingelezi. Kwathu kuno amayi awiri amene ana awo akwatirana amatchulana asewere, ndiye inu ndi ine ndife amenewo, kaya mufune kaya musafune. Muli bwanji kumeneko? Ife tili bwino, tikusosa m'minda.

Kalata yanu yandiliza. Mwachita bwino kufunsa, safunsa anadya phula.

Mwanayo simunamulakwire. Akuchita zimene ndinamutuma ine, ndipo kugwadako ndinawonjezera ndine ndemwe, poganiza kuti mukuona ngati ulemu wachepa. Kuno mkamwini amathawa mayi wa mkazi wake chifukwa mayiyo ndi wamkulu kuposa mfumu: ndiye anabala chimene iye akudyera. Apongozi anu aja ankatuluka chifukwa cha chidani, uyu akutuluka chifukwa cha mantha a ulemu. Mchere ndi shuga zimafanana m'mbale, asewere, mpaka ulawe. Inu mwalawa kale, ndi buledi ameneyo.

Tsono chimene simukudziwa n'chakuti chingwe chili m'manja mwanu. Mkamwini sadzimasula yekha, ndipo saloledwa kupempha. Miyezi yonseyi mwanayo akudikira inu, ndipo akuona ngati simunakhutire naye. Inu mukulira kubafa, iye akulira kuchipinda, nyumba imodzi!

Mukafuna kumumasula muchite chonchi. Mupeze nkhuku yathunthu, yachikuda, yolimba, osati zofewa zokulira m'magetsi zija. Muiphike nokha, mwana wanu asagwireko. Mumuitane akhale pansi, mutenge nthutumba, kanyama kolimba ka m'mimba kamene nkhuku imaperera chakudya, mumuikire m'mbale mwake ndi dzanja lanu, n'kunena kuti, "Idya, mwana wanga." Akadya, zatha. Kuyambira pamenepo mudzachita kumuthamangitsa kukhitchini, chifukwa ameneyo pakamwa sipatsekeka, ndimamudziwa ndine.

Koma ngati simunakhutire naye, musaphike. Umenewo ndi ufulu wanu, palibe angakulandeni.

Za ku Lubeki muziiwale. Mwana woyamba amasambitsidwa ndi agogo ake akuchikazi, ine ndili kutali, ndiye mukachoka asambitsa ndani? Ndipo munthu sasiya mtengo wobzala yekha kuti akakhale pa mthunzi wa eni.

Evance sitimuuza, nkhani za asewere sizidutsa mwa ana. Kalatayi sitiponya papositi, ingachedwe. Tampatsira Ivy, mwana wa a Henderson oyandikana nafe, amenenso ndi nesi konko. Anabwera kumaliro, akubwerera sabata yamawa, ndipo walonjeza kuti akupatsani pamanja.

Ndine sewere wanu,
Nachisale

*

Ilford
21 Novembala 2004

Achemwali,

Kodi kumeneko n'kwabwino? Chilembereni mu Ogasiti muli zii. Ndayesa foni ya pabyuro, akuti mawaya anagwa ndi mvula yoyamba. Ngati ndinakulakwirani, nenani.

Kuno zinthu zafika pothina. Apongozi agula tikiti, anyamuka pa 12 Disembala. Ndinagwada monga amayi ananenera, ndinaomba m'manja, ndinawapempha kuti asachoke, koma zinangoipiraipira. Pabalaza padzaza makatoni a mabuku, ndipo wowamanga ndi kuwanyamula ndine ndemwe. Tangoganizani, mkamwini kusamutsa apongozi pamudzi pawo! Kwathu zikanamveka, amalume akanandikoka khutu mpaka pabwalo.

Ndinawauza kudzera mwa Sabine kuti ochoka tikhale ife. Anakana, akuti mwana afunika nyumba. Sabine masiku ano amandiyankha ndi msana. Dzana anandifunsa kuti, "Mwambo wako ndi mayi anga, chachikulu n'chiti?" Koma kwa ine ziwirizo ndi chinthu chimodzi.

Ndiye muwauze amayi kuti ndinaswa lamulo lawo. Lachisanu ndinalimba mtima, ndinatenga mbale yanga n'kukakhala patebulo, apongozi ali pomwepo akumwa supu.  Anandiyang'ana, anaona mmene thukuta likutsikira, ananyamula mbale yawo n'kunena kuti, "Usadzizunze chifukwa cha ine, idya momasuka." Atatero anakadyera kuchipinda kwawo. Tsopano othawa ndi iwo.

Dzulo ndinawaona pawindo akudula kanthambi ka mtengo wa maapozi, n'kukakulunga m'nyuzipepala yonyowa kuti akapite nako. Pensulo sanaigwire chiyambire Julayi. Ndalowa m'nyumba ya munthu, ndamulanda tebulo, ndamulanda mtengo, ndamulanda ndi mawu omwe, zonsezi mwaulemu.

Ngati amayi ali ndi nzeru ina, ifike msanga.

Evance

*

Ilford
19 Disembala 2004

Amayi ndi achemwali,

Moni nonse, moni wa chimwemwe. Achemwali, kalata iyi muwerenge mokweza, ndipo amayi akhale pansi kaye. Inu anthu awiri ndinu oopsa. Mwandisunga mumdima miyezi iwiri, chonsecho mukudziwa zonse!

Koma Ivy wanu uja anatsala pang'ono kutiphetsa. Kalata yanu anaiika pansi pa sutikesi, pamwamba n'kutsira ufa, usipa ndi nyemba, atafika kwawo ku Thamesmead n'kukankhira sutikesiyo kunsi kwa bedi. Mashifiti atamugwira anaiwaliratu. Anaitsegula pa 9 Disembala pofuna usipa woti akaphikire anzake a kutchalitchi. Akuti ataona envulopu anakuwa yekha m'nyumba. M'mawa mwake anasinthasintha mabasi mpaka ku Ilford, ine ndili kuntchito, Sabine ali kusikelo.

Zotsatirazi wandiuza ndi Ivy yemwe. Akuti anagogoda, apongozi anatsegula, iye n'kuyamba, "Sorry, sorry, mama, ndachedwa nayo, please musandi-reporte kwa a Nachisale." Kalatayo ikununkha usipa, mafuta atalowerera mpaka m'kati. Apongozi anaiwerenga ali chiimire pakati pa makatoni. Atamaliza anabwerezanso, kenako anakhala pa katoni n'kuyamba kuseka, kuseka kwake kosakanikirana ndi misozi, mpaka Ivy anaganiza zoimbira ambulansi. Atapukuta m'maso anavala chikhoti n'kufunsa kuti, "Nkhuku yolimba imapezeka kuti mu London muno?"

Nkhuku za m'masitolo a kuno zilibe nthutumba, amachotseratu. Ndiye Ivy anawatenga ulendo wa ku Peckham, kumene kuli mabutchala a anthu akuda. Mayi wa zaka zimenezo, ulendo utatsala masiku awiri okha, makatoni ali mbwee, iye ali pa basi kukasaka nthutumba kutsidya kwa mtsinje. Atafika anasankha thadzi lokalamba, lolimba ngati tayala. Wabutchala anati nthutumba amagulitsa pa kilo, imodzi sagulitsa. Apongozi anatulutsa kalata yanu, amayi, n'kumuwerengera mokweza, anthu a pamzere akumvetsera. Ivy akuti mayi wina wa ku Zambia amene anali kumbuyo anakuwa kuti, "Bapaseni chabe, ni nkhani ya bapongozi iyi!" Mapeto ake anagula kilo yonse.

Mawa lake, Loweruka, ndinabwera kuchokera kuntchito madzulo nditatopa, buledi wawo ali m'chikwama, ndikudziwa kuti ndi womaliza. Nditatsegula chitseko, fungo linandimenya. Amayi, linali fungo la pakhomo panu tsiku la Khirisimasi. Ndinafuna kuzemba kukwera masitepe, koma ndinapeza apongozi ataima pa sitepe yoyamba, manja atatambasula, njira atatseka. Anandilozera kukhitchini. Sabine anali atakhala pakona, akuti anamuletsa ngakhale kusenda anyezi.

Patebulo panali nkhuku yathunthu. Anandikhazika pampando umene unali wa amuna awo. Anapisa dzanja mumphika, osati supuni, dzanja, anatulutsa nthutumba n'kuiika m'mbale mwanga. Kenako anayang'ana pachikhatho pomwe analembapo ndi bolopeni, n'kunena m'Chichewa chopindika ngati nyanga ya ng'ombe, "Idya, mwana wanga."

Ndinalira, achemwali, musandiseke. Ndinalira ngati mwana wa sukulu ya mkaka, nthutumba ili m'kamwa. Inali yolimba, mchere unachepa, ndipo sindinadyepo chinthu chokoma chotero. Nditameza ndinadzutsa mutu n'kuwayang'ana kumaso koyamba. Kodi mukudziwa kuti ali ndi maso ngati a Sabine? Pafupifupi chaka chathunthu ndakhala ndikudziwa masilipasi awo okha.

Anabweretsanso mbale ina yodzaza nthutumba zotsala zija, akuti zimenezo ndi za masiku onse amene ndinadyera kuchipinda. Tadya nthutumba sabata yonse, Ivy anatengako, ndipo zina zikadali mufiriji.

Anandifunsa ngati tsopano ndingawatchule dzina. Ndinati zimenezo ngakhale ataphika ng'ombe sizingatheke, koma ndiziwaitana kuti amayi. Anaganiza pang'ono n'kuvomera. Amayi, musachite nsanje, mwayambitsa ndinu.

Tikiti inapsa. Mlongo wawo wa ku Lübeck anakalipa pafoni, kenako anati abwera yekha kudzaona mwana. Makatoni ndamasula ndine, ndipo ulendo uno ndinkaimba. Kanthambi ka maapozi kaja akabzala mumphika pawindo, akuti kakagwira kadzakhala ka mdzukulu. Akuti ndikuuzeni, amayi, kuti kusambitsa mwana avomera, koma muwalembere ndondomeko yake, ndipo kalatayo muponye papositi. Magalasi anu ndampatsira munthu wina, osati Ivy.

Ndatsala ndi chimodzi. Titatha kudya tsiku lija, apongozi anakwera kuchipinda kwawo. Ndinamva akusuntha makatoni, ndipo anatsika atavala bulauzi ya kutchalitchi ija, m'manja muli pepala lomwe ndinalithawa mu Juni. Anakhala pafupi nane penipeni. Miyendo yanga inafuna kudzuka yokha mwachizolowezi, koma anandigwira bondo n'kuyamba kuwerenga.

Inali ya m'Chijeremani, ndipo Sabine anafuna kumasulira, koma ndinamuletsa. Sindinamve liwu ndi limodzi lomwe, kupatula pamzere womaliza, pomwe anaima, anandiyang'ana, n'kutchula dzina langa.

Ndinayankha kuti, "Wawa, amayi," ndipo sindinatuluke.

Ndine mwana wanu,
Evance